Kodi nkhani ya kutha kwa dziko ingakhale yoseketsa popanda kunyoza anthu ake?

Wolemba Usiku:

Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumawerenga kapena kulemba nkhani zopeka za sayansi. Ndine mayi amene ndimalemba usiku ana akagona, ndipo pali nkhani imene ndakhala ndikulimbana nayo kwa miyezi inayi koma ikundiimitsa mutu pamalo amodzimodzi. Nkhaniyo ndi ya kutha kwa dziko, koma ndikufuna kuti ikhale yopepuka, yoti munthu aziiwerenga akumwetulira, mwinanso kuseka kumene. Mulibe mtsogoleri wa dziko, mulibe msilikali, ndiponso mulibe katswiri woti atulukire njira yopulumutsira anthu zinthu zitafika pothina. Muli anthu wamba okhaokha okhala mumsewu umodzi: wometa tsitsi, mayi wosoka zovala, dalaivala wa basi, ndi amuna awiri apachibale amene akhala osalankhulana kwa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha makwerero amene wamng'ono anabwereka osabweza. Onsewa amva pa wailesi kuti chimwala chachikulu chochokera mumlengalenga chidzawomba dziko lapansi, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene angachitepo kanthu.

Vuto langa loyamba ndi la mumtima. Ndinalemba chigawo chimene wometa uja akukangana ndi kasitomala wake, chifukwa kasitomalayo akufuna kumetedwa mpala pomwe wometayo wakakamira kuti mutu wotere suyenera mpala, ndipo sangalole munthu kuchoka pampando wake akuoneka moipa, kaya dziko likutha kaya silikutha. Polemba ndinaseka ndithu, koma nditawerenganso m'mawa mwake ndinachita manyazi, chifukwa zinaoneka ngati ndikusandutsa zitsiru anthu amene imfa yawayandikira. Mnzanga amene ndinamuonetsa anawonjezera kuti zoterezi sizingachitike n'komwe. Iye akuti anthu atamva uthenga wotere angadzaze misewu, kuthyola masitolo ndi kupondana, moti palibe angakumbukire za tsitsi. Kodi akunena zoona? Ngati ndi choncho ndiye kuti maziko a nkhani yanga yonse ndi bodza.

Vuto lachiwiri ndi la sayansi. Sindikufuna kudzaza nkhaniyi ndi masamu, koma sindikufunanso kuti munthu wodziwa zakuthambo aiponye pansi atangowerenga tsamba loyamba. Mmene ndalembera panopa, anthu auzidwa kutatsala masiku atatu, ndipo m'masiku atatuwo akumva chimwalacho chikulindima kumwamba usana ndi usiku. Kodi chinthu chotha kuwononga dziko lonse chingabwere modzidzimutsa chonchi? Chiyenera kukhala chachikulu motani, ndipo anthu a mumsewu wanga angaone chiyani akakweza maso?

Wokonda Nyenyezi:

Mayi, ndiyankha funso lachiwiri lokha popeza ndi limene ndikulidziwako, ndipo ndiyamba ndi kukupemphani kuti muchotse kulindimako. Phokoso limafuna mpweya woti liyendemo, ndipo kumene chinthucho chikuchokera kulibe mpweya, choncho chingabwere chili zii mpaka masekondi omaliza pamene chalowa mumpweya umene unakuta dziko lathu. Musadandaule kuti mwataya kanthu, chifukwa bata limeneli lidzakuthandizani kuposa phokoso. Mbalame zidzakhala zikulira m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo munthu akatseka chitseko cha nyumba yake sipadzakhala chomukumbutsa kuti kunja kuli zachilendo.

Za kukula kwake, tiyerekeze ndi zimene zinachitikadi. Mwala umene unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia pa 15 Febuluwale 2013 unali wa mamita pafupifupi 20, ndipo palibe anauona ukubwera chifukwa unachokera mbali ya dzuwa. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri mwa iwo ndi magalasi, chifukwa ataona kuwala anapita pamawindo kukasuzumira, ndipo mphamvu ya kuphulikako inafika pambuyo pake n'kuswa mawindowo. Umene unaphulika ku Tunguska ku Siberia pa 30 Juni 1908 unagwetsa nkhalango ya masikweya kilomita oposa 2,000. Miyala iwiriyi ndi yaing'ono pa zimene inu mukufuna. Wa msinkhu wa nkhani yanu ndi uja unagwa ku Chicxulub, kumene lero kuli Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo. Unali wa makilomita pafupifupi 10, unasiya chidzenje cha makilomita pafupifupi 180, ndipo mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya zamoyo inatheratu. Komabe zambiri mwa zamoyozo sizinafe tsiku lomwelo, koma zinafa pang'onopang'ono chifukwa fumbi ndi mwaye zinatchinga dzuwa kwa nthawi yaitali, zomera n'kufota, njala n'kutsatira. N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhani yopepuka iyenera kuthera chinthucho chisanagwe.

Masiku atatu ndi ochepa kwambiri. Miyala yoposa kilomita imodzi imene imadutsa pafupi ndi dziko, yambiri inapezedwa kale, ndipo njira zake zimadziwika kwa zaka zambiri zam'tsogolo. Komanso pa 26 Sepitembala 2022 bungwe la ku America loona zakuthambo lotchedwa NASA linawombetsa dala chombo chotchedwa DART pa kamwala kotchedwa Dimorphos, ndipo ulendo wa kamwalako wozungulira mwala unzake unafupika ndi mphindi zoposa 30. Wowerenga amene anamva zimenezi adzakufunsani chifukwa chimene akatswiri a m'nkhani yanu sanakankhire mwalawo kumbali. Njira yozembera funso limeneli ndi kusiya mwala n'kutenga nyenyezi ya mchira yochokera kutali kwambiri, ya mtundu uja umene umatha zaka masauzande kuti uzungulire dzuwa kamodzi, chifukwa zoterezi zimatha kuonekera mochedwa. Imene inatchedwa NEOWISE inaonedwa koyamba pa 27 Malichi 2020, pofika Julayi chaka chomwecho anthu ankaiona ndi maso, ndipo phata lake ndi la makilomita pafupifupi 5. Choncho apatseni anthu anu miyezi inayi kapena isanu. Nthawi imeneyi ndi yochepa moti palibe chombo chingakonzedwe, koma ndi yaitali moti tsitsi lidzamera, nsapato zidzang'ambika, ndipo lendi idzafunika kulipidwa kangapo. Munthu sangalire miyezi isanu osalekeza, ndipo m'mipata imeneyo ndi mmene nkhani yanu ingapezere malo.

Chinthu china chimene olemba ambiri amachiphonya n'chakuti uthenga wotere sufika ngati chigamulo cha khoti. Umafika ngati chiwerengero chimene chimasintha akatswiri akamapimanso. Mu Disembala 2004 mwala wotchedwa Apophis unawerengedwa kuti kuthekera koti udzawombe dziko mu 2029 kunali 2.7 peresenti, koma atapimanso anapeza kuti udzangodutsa pa 13 Epulo 2029, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000. Mu Febuluwale 2025 chiwerengero cha mwala wina wotchedwa 2024 YR4 chinakwera kufika 3.1 peresenti, kenako patangopita masiku ochepa chinatsika kufika pafupifupi ziro. Taganizirani msewu wanu wonse ukudikira chiwerengero cha tsikulo pa wailesi, ena akutsutsa kuti 40 peresenti si zambiri, ndipo wamng'ono uja atalumbira kuti makwerero adzabweza chiwerengero chikadzafika pa 90.

Akakweza maso, poyamba sadzaona kanthu kwa milungu yambiri. Kenako adzaona kadontho kosaoneka bwino, kotuluka ndi kulowa monga zimachitira nyenyezi zina, kamene kadzawala mowonjezereka usiku uliwonse mpaka kuoneka ngakhale masana, monga inachitira nyenyezi ya mchira ya McNaught mu Januwale 2007. Kuchokera kuno kukafika kumwezi pali makilomita pafupifupi 384,000, ndipo chinthu chothamanga makilomita 50 pa sekondi chingadutse mtunda umenewu m'maola awiri ndi pang'ono.

Mphunzitsi wa Mbiri Yakale:

Mayi, mnzanuyo akufotokoza zimene anaona m'mafilimu, ndipo opanga mafilimu amakonda chipwirikiti chifukwa n'chosavuta kujambula. Anthu amene anafufuza za masoka enieni anapeza zosiyana kwambiri. Enrico Quarantelli, amene pamodzi ndi anzake anayambitsa malo ofufuzira za masoka pa yunivesite ya Ohio State mu 1963, anatha zaka zambiri akutsatira zimene anthu amachita pa zivomezi, madzi osefukira ndi mphepo zamkuntho. Iye anapeza kuti kuthamanga mobalalika mutu sikuchitika kawirikawiri, kuba kumakhala kochepa poyerekeza ndi mmene nyuzipepala zimakuzira, ndipo oyamba kupulumutsa anthu amakhala anansi awo. Kupondana kwenikweni kumabuka pamene anthu apanikizika pamalo amodzi, akuona khomo lothawira, ndipo akukhulupirira kuti latsala pang'ono kutsekeka. M'nkhani yanu mulibe khomo lotero, popeza dziko lonse lili pangozi imodzi, ndiye anthu apondana akuthamangira kuti?

Tilinso ndi umboni wa anthu wamba amene anakhulupiriradi kuti mapeto afika. Loweruka pa 13 Januwale 2018, cha m'ma 8 koloko m'mawa, mafoni a anthu a ku Hawaii analandira uthenga wa boma wonena kuti mzinga ukubwera, athawire pobisala, ndipo sikuyeserera ayi. Uthengawo unatumizidwa molakwitsa, koma panapita mphindi 38 kuti wina wowongolera ufike. Mantha analipo aakulu, ndipo palibe amene angakane zimenezo. Koma chimene ambiri anachita ndi kusonkhanitsa ana, kubisala m'zipinda zosambira, ndi kuimbira foni abale awo kuti awauze kuti amawakonda.

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi nkhani yanu ndi cha mu 1910, pamene nyenyezi ya mchira ya Halley inadutsa. Akatswiri anapeza kuti mumchira wake muli mpweya wa poizoni, ndipo zinadziwika kuti mu Meyi chaka chimenecho dziko lidzadutsa mumchirawo. Katswiri wa zakuthambo wa ku France, Camille Flammarion, anatchula kuti mpweyawo ungathe kuwononga zamoyo, ndipo nyuzipepala zinafalitsa mawu akewo ngakhale kuti akatswiri ambiri ankanena kuti mchirawo ndi wopyapyala moti sungavulaze munthu. Ena anamata mipata ya m'zitseko ndi m'mawindo, ena anagula mapiritsi amene akathyali ankagulitsa ponena kuti ndi oteteza ku nyenyeziyo, ena anapita kukapemphera, ndipo ena ku New York anakwera pamadenga a mahotela kukachita maphwando akuidikira. Zonsezi zinachitika usiku umodzimodzi, mwina m'misewu yoyandikana. Wogulitsa mapiritsi uja ndikanakonda kumuona mumsewu wanu, makamaka ngati iye mwini angafike poyamba kuwameza mapiritsi akewo, akudziwa bwinobwino kuti anawapanga yekha.

Za wometa wanu, kumbukirani oimba asanu ndi atatu a m'sitima ya Titanic, amene mu Epulo 1912 anapitiriza kuimba sitimayo ikumira, ndipo onse anafera pomwepo. Palibe amene amawatcha zitsiru. Munthu akasowa chochita ndi chinthu chachikulu amagwiritsitsa ntchito imene manja ake akuidziwa, chifukwa pamenepo ndi pokhapo pamene akadali ndi ulamuliro.

Ndipo musaganize kuti ndinu woyamba kuika nthabwala pafupi ndi manda. Giovanni Boccaccio anaona mliri umene unapulula anthu mu mzinda wa Florence mu 1348, ndipo pambuyo pake analemba buku lotchedwa Decameron, mmene achinyamata khumi, akazi asanu ndi awiri ndi amuna atatu, athawa mumzindawo n'kumasimbirana nkhani 100, zambiri mwa izo zoseketsa. Bukulo limayamba ndi kufotokoza mliriwo mosabisa kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake wowerenga amalola kuseka pa masamba otsatira.

Wowerenga Wachikulire:

Mwanawe, sindikutsutsa zimene anzangawa afotokoza, koma ine ndili ndi nkhawa ina, ndipo ndiinena mosapsatira chifukwa mwapempha nzeru ndi mtima woona. Ndawerenga mndandanda wa anthu a mumsewu wanu kawiri konse, ndipo sindinapezemo mwana ngakhale mmodzi, pomwe inu mwatiuza kuti mumalemba ana anu akagona. Sindikukhulupirira kuti mwangoiwala. Nkhani zambiri zopepuka za kutha kwa dziko zimene ndawerenga zimachita chimodzimodzi. Zimachotsa ana, odwala ndi amayi oyembekezera, n'kusiya akuluakulu athanzi amene angathe kunena zanzeru dziko likutha. Kupepuka kopezeka mwa njira imeneyi ine sindikukhulupirira, chifukwa wolembayo wangobisa katundu wolemera kuseri kwa chitseko kuti alendo asamuone.

Chachiwiri n'chakuti imfa ya anthu onse nthawi imodzi ili ndi kabodza kake kotonthoza. Sipatsala wamasiye, sipatsala mpando wopanda mwini, ndipo palibe amene adzadzuke m'mawa n'kuiwala kwa kanthawi kuti mnzake kulibe. Ine ndinaika mkazi wanga zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo ndikudziwa kuti chopweteka pa imfa ndi kutsala. Mwina n'chifukwa chake nkhani zoterezi n'zosavuta kuseketsa nazo, popeza zachotsa mbali yowawitsitsa. Sindikunena kuti musalembe. Ndikupempha kuti muike mwana mumsewu umenewo, mwana weniweni wofunsa mafunso, ndipo muone ngati nthabwala zanu zingapirire iye ali pomwepo. Zimene zidzagwe zisiyeni zigwe, chifukwa sizinali zoyenera kukhalapo.

Namwino Wopuma Pantchito:

Bambo athu amene alankhula pamwambapa anena zoona pa nkhani ya mwana, ndipo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Koma pa funso loti kuseka pafupi ndi imfa ndi kunyoza kapena ayi, ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona m'zaka zimene ndinagwira ntchito m'wodi ya anthu odwala mwakayakaya, chifukwa kumeneko munthu aliyense pabedi amakhala kuti dziko lake likutha.

Panali bambo wina wokalamba amene dokotala anamuuza mosabisa kuti watsala ndi masiku ochepa, ndipo anamvetsa bwinobwino. Madzulo ena, itatsala pang'ono nthawi yoti abale alowe kudzaona odwala, anandiitana ali ndi nkhope yoda nkhawa moti ndinathamanga poganiza kuti ululu wakula. Nditafika anandionetsa malaya ake, amene batani lachiwiri kuchokera kukhosi linali litathothoka, ndipo ananena kuti sangalandire mlendo aliyense ali chonchi. Ndinapeza singano ndi ulusi, ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kulisoka, iye akuyang'anitsitsa dzanja langa. Nditamaliza anayandikitsa malayawo kumaso, anawatembenuzira kowala, n'kunena kuti ulusiwo ndi wakuda pomwe mabatani enawo anasokedwa ndi woyera, choncho ndimasule ndiyambirenso. Wodwala wa pabedi loyandikana anayamba kuseka mpaka kutsokomola, enanso anatsatira, ndipo mwini wakeyo anaseka kwambiri kuposa onse, misozi ikutsika, koma malayawo osawasiya. Ndinamasuladi n'kukafuna ulusi woyera. Ndikumumanga mabatani, anandinong'oneza kuti mkazi wake sanamuonepo atavala mosalongosoka chikwatiranireni, ndipo sakufuna kuti ayambe panopa.

Mayi Wolemba, bambo amene uja ndi wometa wanu. Kusiyana kwa nthabwala yonyoza ndi yolemekeza kwagona pa funso limodzi: kodi munthuyo akudziwa zimene zikumuchitikira? Wometa akamakangana za mpala chifukwa sanamvetse kuti dziko likutha, wowerenga adzamuseka ali pamwamba pake, ndipo manyazi amene munachita m'mawa uja anali oyenera. Koma tikaona, ngakhale m'chiganizo chimodzi chokha, kuti akudziwa zonse ndipo wasankha kusamala za mutu wa kasitomala wake, tidzaseka naye limodzi ndipo tidzamukonda. M'wodi ndinaphunzira kuti nthabwala ndi ya wodwala. Iye akaiyamba, tonse tinkaloledwa kuseka, koma ine sindinkayamba ndine.

Za ana, musawaope. Ana odwala kwambiri amene ndinawasamalira ankafunsa zinthu molunjika kuposa akuluakulu, ndipo kawirikawiri nkhawa yawo inkakhala pa zinthu zapafupi: ndani adzadyetse kagalu kawo, ndani akukhala pa desiki yawo kusukulu, kaya mng'ono wawo akuvala nsapato zawo osapempha. Mafunso awo ankatiseketsa ndi kutiliza pa nthawi imodzimodzi. Mukamulemba moona mwana woteroyo, sadzapha nthabwala zanu zonse, ndipo zimene zidzatsale zidzakhala zamphamvu kuposa poyamba.

Wolemba Usiku:

Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala chete kwa sabata yathunthu chifukwa mawu a bambo athu achikulire anandilasa mtima, ndipo sindinafune kuyankha ndisanayese zimene anandiuza. Bambo, munaona bwino. Ana ndinawachotsa dala, chifukwa nthawi zonse ndikayesa kuika mwana m'nkhaniyo ndinkaona nkhope ya wanga wamng'ono, dzanja n'kuuma. Pepani kwambiri chifukwa cha mayi amene anakusiyani, ndipo mfundo yanu ya kutsala ndaisunga. Dalaivala wa basi uja tsopano ndi bambo amene mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo ndi yekhayo mumsewu wonse amene uthenga wa pa wailesi sunamudzidzimutse kwenikweni. Akupitiriza kuima pa siteji iliyonse pa nthawi yake, ngakhale pamene palibe wokwera.

Ndaikamo mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa mayi wosoka uja. Vuto lake ndi lakuti mayeso a masamu anakonzedwa kuti adzalembedwe patapita masiku awiri kuchokera pa tsiku lomaliza, ndipo iye, amene kwa nthawi yoyamba wamvetsa kugawa manambala aatali, akuyenda khomo ndi khomo kusainitsa kalata yopempha kuti mayesowo alembedwe msanga. Nthabwala zitatu zimene ndinkazikonda zagwa iye atangolowa, ndipo ndazisiya monga munandilangizira. Ya wometa yatsala, koma ndawonjezera kachigawo kakang'ono potsatira mawu a amayi anamwino. Mkangano uli mkati, dzanja lake layamba kunjenjemera, waika sizasi patebulo, watuluka panja n'kuyang'ana kumwamba kwa kanthawi, kenako wabwerera, wapukuta manja ndi thaulo n'kupitiriza mkanganowo pomwe anausiyira.

Chimwala chasanduka nyenyezi ya mchira, masiku atatu asanduka miyezi isanu, kulindima ndachotsa, ndipo wogulitsa mapiritsi wapeza kale malo pakona ya msewu. Makwerero adzabwezedwa madzulo omaliza, chifukwa msewu wonse ukufuna kukwera padenga la nyumba ya mkulu uja kuti ukaone bwino, ndipo mawu oyamba amene iye adzalankhule kwa mng'ono wake patapita zaka zisanu ndi ziwiri adzakhala akuti popondapo pamodzi pathyoka. Achimwene okonda nyenyezi, ndatsala ndi funso limodzi: kodi akwere padengapo nthawi yanji kuti mchirawo auone wonse?

Wokonda Nyenyezi:

Zimenezo zidalira mbali imene mwasankha kuti nyenyeziyo ichokere, mayi, chifukwa mchira nthawi zonse umaloza kosiyana ndi kumene kuli dzuwa, mosaganizira kumene nyenyeziyo ikupita. Mukaiika kuti ikuchokera mbali yotsutsana ndi dzuwa, idzatuluka dzuwa likamalowa n'kukhala kumwamba usiku wonse, koma mchira udzabisala kuseri kwake, moti anthu anu adzangoona chimpira chowala ngati nkhungu. Mukaiika mbali ya dzuwa lenilenilo, kuwala kwa dzuwa kudzaiphimba. Ndiye ichokere cham'mbali, kuti dzuwa likamalowa kumadzulo iyo ikhale ili kale pamwamba pa mitu yawo, mchira utatambalala kuloza kum'mawa, ndipo idzalowa cha pakati pa usiku. Akwere kachisisira, kukadali kowala pang'ono moti mkulu uja angathe kuona popondapo pothyokapo, ndipo mtsikanayo akwere ndi kope lake, chifukwa pofika madzulo amenewo kuwala kwa nyenyeziyo kudzakhala kokwanira kuwerengera manambala.